Apongozi kumsana kwa Lusia

Lusia analowa m'Malawi atabereka apongozi ake kumsana ngati khanda. Nkhondo ya kwawo ku Mozambiki itafika pamudzi, mwamuna wake Manuel anasenza wailesi, n'kukoka mbuzi, mayi ake omubala n'kusiyira mkazi. Amunafe katundu timadziwa kusankha. Atafika chakuno ku Namwera, Lusia anamasula chitenje kuti mayiwo atsike, koma anapeza atazizira kalekale, zala zitauma zili chigwirire mapewa ake. Kuti maliro anayenda nawo mtunda wotani, iye sakudziwa.

Mayiwo anaikidwa bwinobwino. Koma pamene panali zala paja panayamba kuwawa. Lero m'mapewa, mawa m'chiuno momwe munkagunda mawondo, kukazizira ankamva chibwano chikumutsamira pakhosi. Tulo ankagona, koma podzuka ngati wachokera kumunda. Kuchipatala anamutenga magazi, n'kumuuza kuti alibe kanthu, anyamule panado azipita. Asing'anga anamutema mphini msana wonse mpaka unaoneka ngati chambo choti achiwambe. Ululu uli pompo.

Ndiye Lusia anasiya kuuthamangitsa, anaphunzira kukhala nawo. Madzi ankatunga theka la ndowa. Kumunda ankakhala pansi asanatope, osati atatopa. Mchenga ankaukazinga m'phale, kuumanga m'kansalu, n'kumathowa mapewa. Kugona tsiku lonse anakana, poti akatero ankadzuka ali gwa ngati thabwa. Ndipo asanaimirire ankayamba wachenjeza chapansipansi: "Amayi, gwiritsani, tikunyamuka."

Amida, mnansi wake wogulitsa usipa, ankamuseka. "Anzanufe apongozi timawaona pamaliro ndi paukwati basi. Inu mpaka kubafa!"

"Amayiwa sachedwa kupsa mtima," ankayankha Lusia, osaseka. "Tsitsani mawu."

Nkhondo itatha, kunabwera malole odzatenga anthu kubwerera kwawo. Manuel anamanga katundu tsiku lomwelo. Lusia mtima unali m'mwamba. Lole anaikwerapo kamodzi kutsikira ku Mangochi, ndipo mabampu aja anamugoneka mpaka anzake anamaliza kubzala. Kwawo ku Mozambiki kunali kukayamba nyumba, kukaswa tsala, opanda wina womulola kutunga theka la ndowa.

"Matenda opanda bala, opanda chotupa, umenewo ndi ulesi," anatero Manuel. "Kwera. Apo ayi ndikakwatira wina."

Lusia anayenda pang'onopang'ono mpaka pa lole. Sanakwere. Anaifulatira, n'kunjuta monga achitira mayi potsitsa mwana.

"Amayi, tsikani. Mwana wanu ndi uyo. Ulendo uno akuberekeni yekha."

Anaimirira, n'kubwerera kunyumba osacheuka, ukwati n'kuthera pomwepo. Amida amalumbira mpaka lero kuti lole ikunyamuka anaona Manuel atagwira phewa, nkhope itatuwa, akuyang'ana kumbuyo kwake komwe kunalibe munthu.

Masiku otsatira thupi la Lusia linapepuka. Anadzaza ndowa mpaka kukamwa, anapalira ngati mtsikana, nafenso tinayamba kuvala malaya ochapa podutsa pakhomo pake.

Tsiku lina masana, dzuwa lili phwee, akusenda chinangwa pakhonde, anamva zala zozizira zikukhala paphewa, chimodzichimodzi, chilichonse pamalo pake pakale. Sanatembenuke. Anaika mpeni pansi, n'kuteleka phale la mchenga pamoto.

"Mwabwera wapansi, amayi?" anafunsa. "Nanga uja wakutayani pati?"