Jekete la pa Intaneti

Titabwerera ku Milange kuchokera kumsasa wa othawa nkhondo ku Malawi, ndinayamba kupanga makaliyala a njinga pansi pa mtengo wa mango. Aliyense ankafuna kaliyala woti n'kunyamula matumba a chimanga mpaka ku Muloza osapindika.

Chikwangwani sichinkafunika. Pafupi panali lole yopsa ya nthawi ya nkhondo, ndipo anthu ankangolozerana kuti, "Mukafika pa lole yopsa paja, mumvetsere nyundo." Tawuni itayamba kumangidwanso, ogula zitsulo zakale anaidula loleyo n'kupita nayo. Ofuna makaliyala anayamba kusochera. Ena ankathera kwa mnzanga wa kumsika, yemwe akafunsidwa ngati ndi iye wa makaliyala olimba aja, ankangovomera mwaulemu.

Patapita zaka zambiri, mwana wanga wamkazi, amene ankaphunzira ku Quelimane, anabwera kutchuthi ndi nkhani yatsopano.

"Ababa, mukufunika tsamba lanulanu pa intaneti."

"Masamba ndili nawo," ndinatero. "Ndimasesa m'mawa uliwonse."

Sanaseke. Anati munthu wa ku Mongue azitha kuona ntchito yanga ndi njira yofikira kuno pa foni, asanapalase njinga tsiku lonse n'kukagula kwa munthu wolakwika. Apo m'pamene ndinatchera khutu. Koma kujambulidwa chithunzi cha patsambalo ndili m'malaya a mafuta ndinakana. Ndinasamba, n'kuvala jekete la kutchalitchi ndi tayi, nyundo ili m'manja.

Woyamba kufika chifukwa cha tsambalo anali bambo wina wogula chimanga wa ku Molumbo. Anandipeza nditakhala pansi, nkhope ili bii ndi dzimbiri.

"Bondiya," anandilonjera. "Ndikufuna eni ake."

"Ndi ineyo, bambo."

Anayang'ana foni, n'kuyang'ana ine. "Ayi. Awa apa ndi munthu wamkulu. Kawaitaneni."

Ndinayesa kufotokoza, koma iye anali atayamba kale kutembenuza njinga kuloza kumsika. Ndinamupempha adikire. Ndinazungulira kuseri kwa nyumba, n'kusukusula, ndipo mayi a kunyumba anandiponyera jekete pawindo, akulephera kupuma ndi kuseka.

Nditatulukira, bamboyo anavula chipewa n'kundipatsa moni ndi manja awiri. Kenako anatsitsa mawu.

"Wantchito wanu uja mumuyang'anitsitse. Akumauza alendo kuti malo ano ndi ake."

Ndinamulonjeza kuti ndimulangiza.

Mpaka lero sindidziwa ngati sanandizindikiredi, kapena ankangondiseweretsa, chifukwa nkhope yake sinasinthe ngakhale pang'ono. Anakhala pa chitsa kudikira kaliyala wake, ndipo poti wantchito uja sanabwererenso, ndinagwira ntchito yonse ndekha, m'jekete, dzuwa likuswa mtengo.

Kaliyalayo anamukonda, ndipo mwezi wotsatira anabwera ndi anzake a ku Molumbo. Koma mkono wa jekete unadetsedwa ndi mafuta osachoka. Lamlungu lotsatira mayi a kunyumba anakana kuyenda nane limodzi popita kutchalitchi. Anatsogola okha, ine m'mbuyo, mkono wakumanja nditaubisa ndi buku la nyimbo.