Kalata yomwe inagogoda masiku asanu

Ine ndine munthu woyamba kwa Mposa konse kulankhula ndi dziko lakunja kudzera pa makina. Dzikolo silinayankhe.

Chinali chaka cha njala, tikudya gaga ndi mango aawisi owiritsa. Ku koleji ndinali nditachokako. Ineyo ndimati ndikupumula, aphunzitsi amati ndalephera. Komabe wodziwa kompyuta pamudzi ndinali ndekha, ndiye amayi anagulitsa nkhuku yotsiriza kuti ndipite kumalo a makompyuta ku Balaka, ndikalembere imelo amalume a ku Joni atitumizire ya chimanga.

Ndinalemba Chingerezi chakupsa, chonenepa kuposa mwini wake. Mawa lake ndinapeza uthenga wabwera. Ndinakonza kolala. Koma sanali amalume, anali makina.

Mayi woyang'anira makompyutawo anandimasulira. "Achimwene, kalata yanu yapeza khomo lotseka. Makina a kuntchito kwa amalume anuwo ndi ozima. Athu kuno aisunga pamzere, azikagogodanso pakapita maola angapo. Likakhalapo khomo lachiwiri ayesa kumeneko. Masiku asanu akakwana, aibweza."

"Ndiye ine nditani?"

"Inuyo palibe. Dikirani."

Ndinadikira pakhonde la sitolo pafupi ndi siteshoni, kuwerenga mabogi a sitima yopita ku Nayuchi. M'mawa uliwonse ndimakafunsa ngati makina ali bwanji, ngati wozonda matenda. Tsiku lachisanu kalata inabwerera yathunthu, yosatsegulidwa. Ndinaisindikiza kuti ndisafike kumudzi chimanjamanja.

Kumeneko ndiye kulakwa. Anthu ataona pepala m'manja mwanga, mbiri inathamanga kuti yankho labwera, ndipo ena anafika ndi malichero. Ndinafotokoza zonse nditaimirira, ndi manja omwe.

Amayi anamvetsera mpaka kumapeto, kenaka anafunsa, "Kalatayo itapeza kotseka, kwa aneba inasiya mawu?"

"Iyayi amayi, makina sasiya mawu kwa aneba."

"Olo kufunsa mwana pabwalo kuti eni ake alowera kuti?"

"Iyayi."

"Masiku asanu kugogoda nyumba yopanda anthu. Waiphunzitsa ndiwe eti?"

Kwathu wotumidwa akapeza chitseko chotseka amauza wa nyumba yoyandikana, ndipo uthenga umafika dzuwa lisanalowe. Wanga unapita ku Joni nkubwerako osapatsa moni munthu.

Malichero anabwerera opanda kanthu. Amayi anapinda pepalalo bwinobwino nkulisomeka kudenga, nanyamula khasu kupita kudambo kukakumba mizu ya nthochi.

Kusindikizako kunali makwacha khumi ndi asanu.