Inki Yofiira Itatha, Anapaka Chitopa Utoto Wobiriwira

Bambo wina ku Limbe wapaka chitopa utoto wobiriwira, ndipo mpaka lero akuti anandithandiza.

Amagwira ntchito pa shopu ina yosindikiza mapepala. Dzina la shopuyo ndalisunga kaye. Eni ake akudzidziwa. Ali kuseri kwa masitolo a nsalu, amasindikiza makadi a ukwati, ndondomeko za maliro ndi zikwangwani za misonkhano ya tchalitchi. Pakhomo analembapo kuti ndi akatswiri. Akatswiri a chiyani? Khalani pansi mumve.

Ndimagwira ntchito mu labu yaing'ono yoyeza matenda a ziweto mu tauni ya Blantyre. Mwezi watha nkhuku zinayamba kufa pa famu ina kunja kwa Limbe. Mwini famuyo ankati ndi kutentha chabe, poti zonse zinalandira katemera. Anali pachangu, chifukwa gulu la amayi a kwathu ku Chilobwe linali litaitanitsa misoti, ndipo amayiwo anakana kuilandira popanda kalata ya dokotala wa ziweto. Mmodzi wa iwo ndi mayi Chikopa, amene timagawana nawo mpanda. Khola lawo lili kuseri kwa zenera langa. Ana awo amapita kusukulu ndi ndalama za mazira a m'khola limenelo, palibenso china.

Kwa inu amene simuzidziwa za labu, nkhani yake ili chonchi. Nkhuku ikalandira katemera wa chitopa imakhala ndi kachilombo kofooka m'thupi. Ukayeza pamwambamwamba, kachilombo ka katemera ndi kachilombo kakupha timaoneka chimodzimodzi. Kuti usiyanitse umayenera kuwerenga chibadwa chake, ndipo chimabwera ngati mzere wautali wa malembo anayi okha, A, C, G ndi T, obwerezabwereza. Mizereyo timaindandalika pa kompyuta, nkhuku iliyonse mzere wake, wina pansi pa unzake. Kusiyana konse kuli pa kamalo kamodzi kakang'ono. Ndi maso okha ungachite chizungulire usanakapeze.

N'chifukwa chake pamakhala kafayilo kena kapadera. Kafayiloko kamauza pulogalamu kuti pa mzere wakutiwakuti, kuyambira lembo lakuti kulekeza lembo lakuti, pali chizindikiro chakutichakuti. Ukakalowetsa, malowo amavala utoto. Ine ndinaika wobiriwira pa katemera, wofiira pa chitopa chakupha, ndipo pansi pa tsamba ndinalemba tanthauzo la mitundu iwiriyo. Ngakhale mwana wa sitandade wanu amadziwa kuti chofiira ndi choopsa.

Lachiwiri m'mawa ndinalowetsa kafayiloko. Mizere inayi inafiira psuu.

A dokotala athu a ziweto, oyenera kusaina kalata ija, anali kumunda kwa mlimi wina, ndipo madzulo ake amakakumana ndi mwini famu uja ku Limbe konko. Pantchito pathu pali lamulo lakuti zotsatira sizinenedwa pa foni. A dokotala amasaina pepala lili m'manja, basi. Makina osindikizira a mu ofesi mwathu amadziwa mtundu umodzi wokha, wakuda. Ndiye ndinanyamula laputopu n'kukwera minibasi ya ku Limbe, kupita ku shopu imene ili ndi mapepala aakulu okwana mizere yaitaliyi.

Ndinafika teni koloko itangokwana. Ndinapeza a Makwinja, amene amayendetsa makompyuta pa shopupo, bambo wamkulu ndithu, imvi zili mbuu, magalasi ali pamphumi. Akuti magetsi kulibe. Jenereta? Akuti mafuta atha, wina wapita ndi chigubu kukasaka. Nanga ndikusiyireni fulashi? Akuti fulashi salandira, imabweretsa mavairasi. Mwamva? Mavairasi a pa kompyuta amawaopa kwambiri anthu amenewa. Akuti ndisiye laputopu yeniyeniyo, magetsi akabwera aluzanitsa waya ndi makina awo.

Ndisanayankhe foni inalira. Malume anga amwalira ku Mulanje. Ndinaima pa kauntala paja misozi ili mbwembwembwe, uku maliro, uku nkhuku.

Ndinatsegula pulogalamuyo pamaso pa a Makwinja. Ndinawaonetsa podina. Ndinawauza mawu awa, ndipo Mulungu ndi mboni yanga: “Bambo, musasinthe kalikonse. Mitunduyi si yokongoletsa ayi, ndi uthenga.”

Iwo anaseka. “Madamu, tsitsi lachita kuyerera pa ntchito yomweyi. Mundiphunzitse mitundu lero? Pitani mukaike malume anu mtima uli m'malo.”

Ndinalipiriratu K15,000. Ndinapempha a Yusufu, dalaivala wa pantchito pathu, kuti akachoka ku mzikiti masana adutse pa shopupo, atenge envelopu ya pepalalo ndi laputopu, envelopuyo akapereke m'manja mwa a dokotala. A dokotalawo ndinawatumizira uthenga wakuti ayang'ane mitundu asanasaine. Kenako ndinakwera basi. Kumudzi kwathu netiweki timachita kuikwerera pa chulu, ndipo pa maliro a malume ako sungamathamangire kuchulu.

Ndinabwerako Lachisanu m'mawa. Ndisanatsegule n'chitseko chomwe, mayi Chikopa anasuzumira pampanda nkhope ili ngwee.

“Amake Tadala, pepani ndi zovutazo. Koma tabwerani muone, misoti ija inafika!”

Ndinafunsa ngati ndi ya famu ija. Akuti yomweyo, ndipo kalata ya dokotala anaiona ndi maso awo, ya sitampa. Ndinati aipatule msanga, isakhale pamodzi ndi nkhuku zakale. Iwo anandiseka. Akuti zinazolowerana kale, zikumwera chiwiya chimodzi chifikireni Lachitatu.

Madzi osamba sindinawakhudze. Ndinathamangira ku labu ndi fumbi la ku Mulanje kumapazi.

Pepala lija linali pa tebulo la a dokotala. Lokongola zedi, lonyezimira, ngati kalendala. Mizere yonse biriwiri, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Kunsi kwake mawu anga aja anali pomwepo osasinthidwa, akuti chofiira ndi chitopa chakupha. Chofiiracho panalibe ngakhale kadontho.

“Ndinayang'ana mitundu monga munanenera,” anatero a dokotala. “Ndinayang'ana kawiri.”

Ndinatsegula laputopu. Namonso mobiriwira mokhamokha, munthu atasintha n'kusunga pamwamba pa ntchito yanga. Ndinachotsa zonse. Ndinatenga kafayilo kanga koyambirira, kamene ndinadzitumizira pa imelo, n'kukalowetsanso. Mizere inayi ija inafiiranso pamaso pa tonse awiri. A dokotala anavula magalasi n'kukhala pansi. Kenako anaimbira ku famu. Kumeneko akuti misoti yonse inapita kale, lole inatsitsa ina ku Chilobwe, ina inapitirira nayo madera ena, ndipo dalaivala wake sakukumbukira bwinobwino makomo onse.

Masana omwewo ndinali ku Limbe. A Makwinja anandilandira ndi chimwemwe, n'kufunsa ngati mwambo unayenda bwino. Ndinayala pepalalo pa kauntala ndi kufunsa kumene chofiira changa chinapita.

Tamverani yankho la katswiri.

Akuti jenereta inachedwa, laputopu inazima yokha batire itatha. Atayiyatsa anapeza malembo ali mbulanda, opanda mtundu uliwonse. Akuti munthu wamba akanasokonezeka, koma iwo anaona kafayilo kaja pambali, anakakokera mu pulogalamu, mitundu n'kubwerera. Ankanena izi akudziguguda pachifuwa. Mpaka apa ndinalibe nawo mlandu.

Ndiye akuti atayesa kusindikiza, chofiira chinatuluka chotuwa ngati madzi otsukira nyama. Inki yofiira inali itathera pa makadi a ukwati wina. Choncho anafufuzafufuza mpaka anapeza pamene pali mndandanda wa zizindikiro, chilichonse ndi kabokosi ka mtundu wake. Anadina kabokosi kofiira n'kusankha wobiriwira.

Ndinafunsa kuti anawatuma ndani.

“Madamu, pepala lotuwa silituluka pa shopu pano. Lingationongere dzina. Komanso ndinaona kuti ndi za nkhuku, za ulimi. Zobiriwira ndiye zimagwirizana ndi ulimi.”

Akuti amatero ndi aliyense. Maluwa a pa kadi akakhala ofiira inki kulibe, amawasandutsa achikasu, ndipo palibe anabwerako kudzadandaula. Akuti ineyo ndine woyamba. Ndinawakumbutsa mawu anga aja, akuti mitunduyi ndi uthenga. Akuti makasitomala onse amanena choncho.

Nanga foni? Nambala yanga inali pa lisiti, yolembedwa ndi dzanja lawo lomwe. Bwanji sanayese n'komwe? Bwanji sanamuuze dalaivala pomupatsa envelopu, kuti akanene kwa a dokotala kuti mtundu wasinthidwa?

Apa a Makwinja anandiyang'ana ngati ndine wopanda mwambo.

“Munali pa maliro, mayi. Munthu wofedwa ungamuimbire foni nkhani ya inki? Ifeyo tinaleredwa.”

Analeredwa! Ulemu wake ndi umenewo. Anandilemekeza mpaka kundiphera nkhuku za mudzi wonse. Paja amati safunsa anadya phula, koma phula la a Makwinja akudya ndi amayi a ku Chilobwe amene sanapondeko n'komwe pa shopupo.

Ndinawafotokozera pang'onopang'ono, ngati ndikulankhula ndi mwana wanga Tadala, kuti chimene anafufuta ndi chitopa. Kuti dokotala anasaina chifukwa cha kabokosi kamene iwo anadina. Kuti misoti yodwala ili m'makola a anthu pano tikulankhula pano. Anayang'ananso pepala lija. Ndinaganiza kuti zawalowa. Kenako anati akadadziwa akanasankha wabuluu.

Mayi wa pa kauntala, amene ndikuganiza kuti ndi mwini shopu, analowererapo kuti ndichepetse mawu, ndikuthamangitsa makasitomala. Akuti inki ikabwera sabata yamawa adzandisindikizira lina ulere, lofiira mmene ndikufunira. Anandilozeranso chikwangwani cha pakhoma chakuti ntchito ikatuluka pakhomo siibwezedwa. Ndinkafuna ndalama ine? Sabata yamawa pepala lofiiralo ndidzalipachika pati, pa khola lopanda kanthu?

Dzulo tsiku lonse tinayenda ndi a dokotala ndi alangizi a ziweto khomo ndi khomo ku Chilobwe. Tinkauza amayi kuti atseke makola, asagulitse, asapatse mnansi, zakufa akwirire mozama. Ankavomera ndi mutu. Koma tonse timadziwa zimene zimachitika kwathu kuno nkhuku zikayamba kusinza. Munthu sadikira kuti zimufere m'manja. Amazimanga miyendo n'kuthamangira nazo kumsika zikadali ndi mpweya. Pobwerera ndinakumana ndi bambo wina pa njinga, dengu lodzaza kumbuyo, akulowera cha ku tauni. Ndinamukuwira. Anangokweza dzanja n'kupalasa mwamphamvu.

Ndiye inu a ku Limbe, a ku Kanjedza, a mu tauni, wakutsina khutu ndi mnansi. Mukaona nkhuku zotsika mtengo modabwitsa masiku ano, zidutseni. Musabwere nazo pakhomo pamene pali zanu. Ndipo inu anzanga a m'malabu, ana a sukulu amene mukulemba kafukufuku, aliyense amene mtundu wa pa pepala lake uli ndi tanthauzo, musasiye ntchito yanu m'manja mwa munthu wa makadi a ukwati. Imani pomwepo mpaka pepala lituluke, muliyang'ane, ngakhale foni ilire motani.

Kwa eni shopu ndili ndi mafunso, ndipo ndikufuna mayankho ake pagulu pompano, osati kumbali. Ndani anakupatsani chilolezo chosintha ntchito ya kasitomala osamuuza? Inki ikatha, pakamwa panunso pamatha? Ndi mapepala angati a chipatala, a mapu, a mayeso, amene mwawakongoletsa chonchi eni ake osadziwa? Mukapanda kuyankha, dzina ndalisungali ndilitulutsa.

Lero ndi Lamulungu. Tambala wa mayi Chikopa amandidzutsa tsiku lililonse, ndipo ndakhala ndikumutukwana zaka zonsezi. Lero sanalire.

Ndikuvala za kutchalitchi ndinamva akundiitana pampanda, mawu ali pansipansi.

“Amake Tadala, inu mumazidziwa izi. Tabwerani.”

Misoti yaunjikana pakona, mapiko ali lende, maso otseka. Nkhuku zakale nazo zayamba kuwodzera zili chiimire. Tambala uja wagona chammbali, khosi lapotoka, mlomo waloza kudenga. Ana aima pakhomo la khola atavala kale za kutchalitchi. Mayi Chikopa anali ndi kalata ija m'manja, yopindidwa bwinobwino.

“Paja kalatayi inati zili bwino?”

Ndinangoyang'ana pansi, ndipo pansipo m'pamene pali chizindikiro cha chitopa chimene aliyense woweta nkhuku amachidziwa popanda kompyuta.

A Makwinja, munati zobiriwira zimagwirizana ndi ulimi. Kwerani minibasi ya ku Chilobwe, mutsike pamsika, mufunse kwa mayi Chikopa. Mudzaone zitosi m'khola mwawo. Pansi ponse pabiriwira.