A Kazamaki ndi Thabwa Limodzi

Kuno ku Kamiyachi, mudzi wathu wa m'mapiri a Niigata, mukafunsa aliyense amene anakulira konkuno kuti anayamba kutsetsereka pa chipale akuyang'ana nkhope ya ndani, adzakuuzani kuti ya a Kazamaki Shigeo. Si nkhope yokongola ayi, tisanamizane. Mphuno yofiira, nsidze zaziyangoyango, ndi dzino limodzi lachitsulo kutsogoloku. Koma ndi nkhope imeneyo inatitsitsa phiri tonsefe.

Nyengo yotentha a Kazamaki ndi mlimi wa mpunga ngati wina aliyense. Chipale chikakwirira minda n'kufika m'mawindo, ankavala jekete lofiira la sukulu ya masikii, matabwa awiri otsetserekera pa chipale, n'kukwera ku kaphiri ka ana. Kaphunzitsidwe kawo kanali kawokawo. Ankamanga matabwa awo awiri kumapazi, n'kufulatira chigwa, n'kuyang'anizana ndi mwana. Mwana akutsika chakutsogolo, iwo akutsika chafutambuyo, atawerama, manja ali tambasu.

"Usayang'ane pansi iwe, pansipo palibe amako," ankatero. "Yang'ana dzino langali."

Mwana akagwa n'kuyamba kukwinya kukamwa, iwo sankamunyamula. Ankangoti, "Dzuka, chipale sichiluma." Ndipo ankanyada kwabasi kuti zaka zonsezo sanagwepo mwana akuona.

Chimene ankadana nacho ndi mtima wonse chinali sinobodi, thabwa limodzi lija lomangapo miyendo yonse iwiri. Litafika kwathu kuno ndi achinyamata a m'tauni, a Kazamaki ankachita kulavula. "Masewera anji ongokhala pansi pakati pa njira ngati ukudikira basi? Miyendo unapatsidwa iwiri, iwe n'kuimanga pamodzi ngati nkhuku yogulitsa!"

Ndiye taonani, mwana wawo wamkazi yemweyo, Chizuru, amene anamuphunzitsa masikii asanathe n'komwe kudzipukuta mamina, atakula anataya matabwa awiri n'kutenga limodzi. Tsiku lina anadutsa pa kaphiri ka ana ali liwiro la mtondo wadooka, n'kuwaza tiana chipale kumaso, iye akuseka. Palibe anavulala. Koma a Kazamaki anapsa mtima zoopsa. M'mawa mwake anakhoma chikwangwani pa chipata cha kaphiriko, cholembedwa ndi dzanja lawo: A THABWA LIMODZI PANO AYI. Mudzi wonse unadziwa kuti lamulo lija linali la munthu mmodzi. Chizuru atamaliza sukulu anapita ku Hokkaido, chilumba cha kutali kumpoto, kukaphunzitsa anthu thabwa lakelo, ndipo kunyumba ankangobwera pa chaka chatsopano, kudya, kugona, n'kumapita. Bambo ndi mwana ankalankhulana za nyengo basi.

Papita zaka, banja la Chizuru litatha, anabwerera kumudzi ndi kamtsikana kake, Nagi, ka zaka zinayi. A Kazamaki tinawaona akupukuta timasikii tating'ono tofiira mpunga usanache n'komwe. Ana a anthu onse anawatsitsa. Tsopano inali nthawi ya mdzukulu wawo weniweni.

Mwatsoka, pokolola bondo lawo lamanja linatupa. Dokotala wa m'tauni sanawabisire mawu. "Chafutambuyo chanu chija, mawondo mutawapindira m'kati, chatha. Mukachita makani, ngakhale m'munda simudzalowanso."

Chipale chitagwa, Minagawa Tetsu, amene tsopano ndiye mkulu wa sukulu ya masikii, anawapatsa ntchito ya m'kanyumba kowothera moto, yogawira ana msuzi wa nkhumba wotentha. Tetsu naye anaphunzira poyang'ana dzino lachitsulo lija, ndipo anachita izi mwaulemu, koma a Kazamaki zinawapweteka. Ali pawindo, chipande m'manja, ankaona Tetsu akunyengerera Nagi pamwamba pa kaphiri. Mwanayo anangouma gwa, osasuntha ngakhale pang'ono. Mawa lake chimodzimodzi. Anzake akutsika akukuwa, iye ali chilili, misozi ikuumira m'masaya. Mtima wa nkhalamba unawawa, ndipo msuzi tsiku limenelo unapserera.

Nkhani inayambira pa denga. Chipale chinali chitalemera, Chizuru anakwera kukachigwetsa ndi fosholo, bambo ake ali pansi kukonza pakhomo.

"Bambo," anatero Chizuru osawayang'ana, "pa thabwa limodzi mawondo sapotoka lililonse palokha. Ndipo ukayang'ana kumtunda n'kukanikiza zala, umatsika chafutambuyo bwinobwino. Manja ali omasuka."

"Ukuti chiyani iwe? Undikweze pa chitseko chimenecho ine?"

"Ndiye zigawani msuzi. Akuti umakoma ukapserera."

Chibuma cha chipale chinagwa pafupi ndi mapazi awo, kaya mwangozi kaya mwadala. Kenako a Kazamaki anafunsa, mawu ali pansipansi, ngati nsapato za chinthucho zimapezeka zazikulu. Dokotala atafunsidwa anapukusa mutu n'kunena kuti nkhalamba yosamva ndi bwino igwe ndi matako kusiyana ndi kupotola bondo.

Anasankha kukaphunzirira kuseri kwa mudzi, pa minda yawo ya m'mphepete mwa phiri, ati kuti anthu asaone. Anthu ake ati? Ifeyo? Pofika tsiku lachiwiri azimayi ankapita kukataya zinyalala mbali imeneyo ngakhale alibe zinyalala. Koma abale, munthu anagwa! Anagwa chagada, anagwa chafufumimba, anagwa asanayambe n'kuyenda komwe. Chizuru anawamangirira pilo kumatako ndi lamba wa jekete. Munthu amene anakalambira pa chipale anasanduka khanda, chifukwa nzeru zonse za m'miyendo mwake zinkamunamiza. Akafuna kutambasula mwendo kuti adzigwire, mwendo uli womangidwa.

"Musayang'ane pansi, bambo," anatero Chizuru, atawagwira manja onse awiri, iye akutsika chafutambuyo. "Yang'anani ine."

Anamuyang'ana. Panali patapita zaka zambiri asanamuyang'ane mwana wawo pafupi chonchi. Anaona timakwinya m'mbali mwa maso, ndi tsitsi loyera limodzilimodzi lotulukira m'chipewa, ndipo anamva chisoni kuti zonsezi zinabwera iwo akuyang'ana kumbali.

"Iwe," anatero akupumira m'mwamba, "kodi ana aja ankaopa chonchi?"

"Eya."

"Iwenso?"

"Ineyo ndiye kwambiri. Koma mukanandimva inu?"

Thabwa linawatembenuka n'kuwagwetsanso, ndipo mwina zinawathandiza kuzemba funsolo.

Chipale chisanayambe kusungunuka anali atatha kutsika chafutambuyo, pang'onopang'ono, mosakongola, koma akutsika. Loweruka lina m'mawa anavala jekete lofiira lija, n'kunyamula thabwa m'khwapa, Chizuru ndi Nagi akutsatira. Makolo anali atadzaza m'mbali mwa mpanda. Pa chipata anapeza Tetsu akukanda m'mutu.

"Aphunzitsi, ine ndilibe mawu," anatero Tetsu. "Kungoti chikwangwanichi... munalemba ndinu. Ife takhala tikubweza nacho anthu zaka zonsezi."

Wina anatsokomola pofuna kubisa phwete. A Kazamaki anachiyang'ana chikwangwani chija. Utoto unali utasuluka koma mawu ankawerengeka bwinobwino.

"Tandipatsa hamala, Tetsu. Usangoti maso tong'o."

Misomali inali yadzimbiri, inalira potuluka. Atachizula anachipereka kwa Chizuru ndi manja awiri, atawerama pang'ono, monga timaperekera chinthu kwa munthu wolemekezeka.

"Ichi n'chako. Kakolezere moto wa madzi osamba."

Chizuru anachilandira n'kuchipana m'khwapa. Analowa pa chipata chija koyamba chichokereni ali mtsikana.

Pamwamba pa kaphiri a Kazamaki anamanga thabwa, n'kufulatira chigwa, n'kugwira timanja ta Nagi. "Yang'ana dzino langali," anatero. Nagi analiyang'ana, koma miyendo inali youmabe. Anamukoka pang'ono, iye anakana. Anamukokanso, mwana n'kusolola manja m'magolovesi, agogo n'kutsala ndi magolovesi okhaokha. Thabwa linakodwa kuchidendene. Phii! A Kazamaki anagwa chagada, n'kutsetsereka mutu uli kumunsi, miyendo m'mwamba, mpaka anakaima pakati pa kaphiri chipale chitawakwirira kumaso.

Palibe anaseka, ngakhale aja ankataya zinyalala zabodza. Tonse tinadziwa chimene chagwa pamenepo. Iwo anangogona pomwepo, manyazi atawagwira, akuganiza kuti basi, abwerere ku chipande chawo.

Kenako anamva kamawu: "Agogo! Agogo!"

Nagi anali ataiwala miyendo yake. Nkhope imene anauzidwa kuti aziyang'ana inali itasowa, ndiye anaitsatira. Timasikii tofiira tinayenda tokha, mwana ali khotekhote, manja opanda magolovesi ali kutsogolo, mpaka anadzawomba pamimba pa agogo ake n'kukhala pansi. Anawachotsa chipale m'nsidze ndi tizala tofiira.

"Dzukani agogo," anatero. "Chipale sichiluma."

A Kazamaki anadzidzimuka. Mawu amenewo anali asanamuuzepo mwanayu.

"Wakuuza ndani zimenezo?"

"Amayi. Ku Hokkaido ndikagwa ankatero masiku onse. Amati ndi mmene amanenera bambo awo."

Nkhalamba inatembenuza mutu n'kuyang'ana kumtunda. Chizuru anali ataima pamenepo, chikwangwani chili m'khwapa, dzanja lina atatseka pakamwa. A Kazamaki analira, poyera, mudzi wonse ukuona, ndipo sanayese n'kubisa komwe.

Atapukuta kumaso anagwada, n'kudzuka movutikira, n'kumuveka Nagi magolovesi ake. Anatambasulanso manja. Ulendo uno mwana anabwera yekha, ndipo anatsika onse awiri mpaka pa chipata, agogo chafutambuyo, mdzukulu akuyang'ana dzino.