Mkanda Umene Unaoneka pa Chithunzi

"Kodi inu, anaona bwanji za m'mimba mwanu asanakung'ambeni?" Anandifunsa choncho mayi oyandikana nawo nyumba, tikusoka fodya m'chigafa, nditangochira kumene.

Ndinawayankha kuti anachita kundijambula. Zinazo ndinasunga.

Chinali chaka chimene ana anayamba kuphunzira ulere, wanga woyamba akadayamwa. M'mimba munkandipota pansi pa mchombo, ndikadya n'kusanza, mpaka chitenje chinayamba kundizungulira kawiri. Kuchipatala cha ku Mitundu anandipatsa mankhwala a njoka za m'mimba, kenako a zilonda. Kwathu ku Nathenje ananditemera mphini. Osasintha. Potsiriza a ku Mitundu aja anandilembera kalata yopita kuchipatala chachikulu mumzinda.

Kumeneko anandimwetsa zoyera ngati laimu, n'kundigoneka pansi pa makina. Wojambula anali bambo. Anati ndivule chilichonse chimene ndavala m'thupi. Ndolo ndinavula, koma mkanda wa m'chiuno ndinangoukankhira m'mwamba, pansi pa gauni ya chipatala imene anandiveka. Mkandawo anandimanga azakhali anga pa ukwati, ndipo woyenera kuuona anali mwamuna wanga yekha. Ndinkati makina sangaudziwe.

Chithunzi chitatuluka, anamwino ena achikulire anandiitanira pambali n'kuchikweza powala. Timadontho toyera tinali titandanda pakati penipeni, pomwe adokotala ankafuna kuona.

"Mizere itatu yonseyi, mwana wanga? Bambo a kunyumba ndi amwayi," anatero akuseka chapansipansi. "Koma matumbo aphimbika. Nanga tisunge mkanda, kapena tisunge mayi wa mwana?"

Sanandikalipire, ndipo wojambula uja sanamuuze kanthu ine ndikumva. Anakoka katani, n'kudula mkandawo okha ndi lumo. Mikanda inamwazikira pansi pa bedi.

Anandijambulanso kangapo tsiku lomwelo, zoyera zija zikutsika pang'onopang'ono. Pamenepo m'pomwe panaoneka malo ena m'matumbo aang'ono atafinyika ngati pakamwa pa thumba lomanga. Panali kachotupa. Adokotala anaitana anzawo kuti adzaone, akuti kotere sikaonekaoneka. Sabata yotsatira anandichita opaleshoni.

Anamwino aja dzina sindinawafunse, koma ndimawakumbukira ndikamasenza ndowa yodzaza, kapena ndikamadya chimanga chootcha osaopa kanthu. Mwana uja ndamulera ine mwini, ndipo ali ndi mng'ono wake.

Zimene ndinasiya kumeneko ndi izi: mkanda wa mizere itatu, matumbo otalika ngati chikhatho changa, ndi mkaka wa m'mawere, umene unauma ndili chigonere m'chipatala.