Chimbale Chimodzi cha Amayi a Nyumba ya Pansi

Nditasamukira ku Gorbals, m'nyumba ya pansi pa yanga munkakhala amayi ena achikulire, mbadwa ya konkuno ku Glasgow. Poyamba tinkangopatsana moni pamasitepe. Tinazolowerana chifukwa cha maso awo. Anali atachita ng'ala, ndiye kalata ikabwera ankandiitana kuti ndiwawerengere.

Loweruka lina m'mawa anandipatsa kalata yochokera kwa munthu wina wosonkhanitsa zimbale zakale. Ankapempha chilolezo choti atulutsenso chimbale cha bandi inayake, ndipo pankafunika kuti oimba awiri amene anali adakali moyo asaine.

"Amayi, kalatayi yasochera," ndinatero.

"Sinasochere. Amene ankaimba m'bandimo ndi ine."

Ndinawayang'anitsitsa, amayi a juzi yotuwa, okonda kudandaula za mabini. Anandifotokozera mwachidule. Ali mtsikana, iwo ndi anyamata anayi ankaimba blues yosakaniza ndi rock m'timakalabu ta m'zipinda zapansi ndi m'maholo a ophunzira. Pawailesi sankamveka. Bandiyo sinathe ndi zaka ziwiri zomwe. Anajambula chimbale chimodzi, koma chisanatuluke n'komwe, woimba gitala anakwera sitima ya ku London osatsanzika, otsalawo n'kubalalika. Amayiwo anakalowa ntchito yophika pasukulu ina, ndipo anapumira komweko.

Munthu wachiwiri wofunika kusaina anali woimba gitala yemweyo. Anabwerako kalekale ku London, ndipo tsopano ankakhala kunyumba yosamalira okalamba ku Easterhouse. Chisiyanirane, awiriwa anali asanalankhulanepo.

"Undiperekeze," anatero amayiwo. "Manambala a basi sindiwaona."

Tinapita Lachitatu masana. Bambowo tinawapeza atakhala pafupi ndi windo, zala zitapindika ndi nyamakazi. Ine ndinkayembekezera misozi ndi kupepesana. Sizinatero.

"Wakalambatu," anatero bambowo.

"Nanga iwe, kutsanzika unaphunzira?" anayankha amayi aja, akudzikokera mpando.

Kenako anayamba kukangana za nyimbo yachitatu ya pachimbalecho, ngati kuti anaijambula dzulo. Bambowo ankati wang'oma anathamanga. Amayiwo ankati vuto linali gitala, yomwe inakwera mpaka kumiza mawu awo. Pofuna kutsimikiza mfundo yawo, bambowo anayamba kugogoda pampando ndi chikhatho, akung'ung'udza. Amayi aja analowa pomwepo n'kuimba mizere iwiri. Mawu anali aakulu, osasa, otuluka pansi pa chifuwa. Mayi wogawa tiyi anaima pakhomo ndi ngolo yake.

Atasiya, ndinatulutsa pepala lija, n'kuligwirizira pathireyi chifukwa cha zala zopindika za bambowo. Anasaina pang'onopang'ono, ndipo analankhula maso ali papepala pomwepo.

"Ndinaona kuti sitikupita kulikonse. Ndinkaopa kukuuzani."

"Tonse tinkadziwa," anatero amayiwo. "Ukanangonena."

Pobwerera m'basi amayiwo anangondifunsa ngati Lachitatu linalo ndikugwira ntchito. Kuyambira pamenepo tinkapitako kawiri pamwezi, ndikakhala kuti ndilibe shifiti. Ine ndinkakhala m'chipinda cha alendo kuwerenga manotsi anga a kusukulu, iwo akukangana m'chipindamo. Nyengo yozizira itafika bambowo anadwala chibayo, ndipo anamwalira chimbale chisanatuluke.

Chinafika papositi miyezi ingapo pambuyo pake. Pachikuto panali achinyamata asanu atatsamira kavani kakutha. Ndinabwereka galamafoni kwa mkulu wina wa mpingo kutchalitchi kwathu, n'kuitsitsira kwa amayiwo. Nyimbo zake zinali zazitali ndi zaphokoso kuposa mmene ndinkaganizira, ndipo kunena zoona, si zonse zimene ndinazikonda. Amayi aja anamvera mbali yoyamba yokha, manja ali pamaondo. Itatha anati yachiwiriyo adzamvera tsiku lina, n'kundituma kukatereka ketulo.