Chigongono cha Frackson

Frackson Chiwaya anabadwira ku Ntcheu koma anakulira ku Cape Town, kumene bambo ake ankagwira ntchito yagadeni. Uko n'kumene anaphunzira bezibo, masewera oti wina amaponya kampira kolimba, wina n'kukamenya ndi chibonga. Iye anali woponya. Mpira wake unkathamanga moti omenya ankangokwapula mphepo, mpaka timu ina yaing'ono ya ku America inamulemba ntchito.

Sanakhalitseko. Tsiku lina masewera ali mkati, anangomva kuti thapu! m'chigongono. Anamuchita opaleshoni, koma mphamvu sinabwerere. Timu inamuuza kuti alongedze.

Patapita zaka anakwatira Callista, nesi, ndipo ntchito ya mayiyu inawafikitsa ku Smethwick, m'dziko la Angerezi. Frackson analowa ya kukeya, kusamalira okalamba. Loweruka lililonse ankapita kupaki ndi chikwama cha mipira kukaphunzitsa ana. Makolo ambiri ankayesa kuti ndi kiriketi.

Mwa ana onsewo, wa mkono woopsa anali mwana wake yemwe, Kai. Mnyamatayo akaponya, Frackson ankakumbukira chigongono chake. Anayamba kumuika kumapeto kwa bwalo kuti azingowakha.

"Mkono wako sunakhwime, mwanawe."

"Dad, I'm sixteen," Kai ankayankha m'Chingerezi, monga amachitira ana akuno.

Callista analowererapo. "Bambo a Kai, musiyeni mwana. Chigongono chinaduka n'chanu, si chake."

Frackson sanamve. Kai anachoka n'kukalowa timu ya ku Coventry, ndipo pakhomo anasiyiratu kukamba za mpira.

Kamodzi kokha Frackson anakwera sitima kukamuonera, ataima kuseri kwa mpanda. Mnyamatayo anaponya bwino zedi, anthu mpaka kuimirira. Atatha, bamboyo anamuyandikira kuti amuyamikire, koma pakamwa panatuluka zina: "Ukutsitsa kwambiri phewa."

"Not today, Dad," anatero Kai, n'kukalowa m'galimoto ya kochi wake.

Pano Kai ali ku koleji ku America, akusewera. Amaimbira foni amayi ake Lamlungu akaweruka kutchalitchi. Bambo ake amangowapatsira moni.

Frackson sanasiye kupita kupaki. Nyengo yozizira mkono umauma moti mabatani a malaya amamumangira ndi Callista. Akafika amaponyera anawo ndi dzanja lamanzere, pang'onopang'ono, ndipo aliyense wofuna kuponya amamulola.